Phulusa la pa Galasi

Akulu anga anayamba ntchito m'labotale ya pasukulu ya sekondale ali ndi mwana kumbuyo, ndipo anaigwira mpaka imvi zitayamba kusuzumira m'mbali mwa duku. Sanali mphunzitsi. Ntchito yawo inali kutsegula chipindacho m'mawa, kuyala zipangizo pamatebulo, kuyatsa timbaula ta gasi, kenako kutsuka zonse ana akatuluka. Ana asukulu ndiwo anawapatsa dzina loti aNabotolo, chifukwa chikwama chawo chinkamveka kulira kwa mabotolo iwo asanaonekere pangodya. Dzinalo linakakamira moti ngakhale ife kunyumba tinkawaitana choncho.

Malipiro awo sankachokera kuboma. Ankachokera ku komiti ya makolo, ndipo chaka chilichonse komitiyo inkakhala pansi kukambirana ngati munthu wa m'labotale akufunikabe. Sabata imeneyo ikayandikira, akulu anga chakudya chinkawakanika. Ankangotapa pang'ono n'kusamba m'manja.

Sukulu anaisiya atatsala pang'ono kumaliza, mayi athu atagwa ndi matenda opha ziwalo. Panafunika wowatembenuza, wowasambitsa ndi wowadyetsa, ndipo popeza iwo ndiwo anali mwana wamkazi wamkulu, palibe anafunsa kuti ndani achite zimenezi. Sayansi ankaikonda. Mayi atamwalira, anamva kuti kusukulu kukufunika munthu wosesa m'labotale. Anapita kukasesa, ndipo pang'ono ndi pang'ono anapezeka kuti chipinda chonse chili m'manja mwawo.

Chipindacho chinali ndi matebulo aatali a simenti, lililonse ndi sinki yake. Mipopi inasiya kalekale kutulutsa madzi, choncho madzi ankatunga okha kumjigo wa kuseri kwa khitchini ya sukulu. Kukhoma kunali kabati ya magalasi yosungira mankhwala, koma mankhwalawo ankabwera nthawi ya mayeso basi. Miyezi ina yonse m'kabatimo munkangokhala mabotolo opanda kanthu ndi akangaude.

Mpata umenewo ankatseka ndi iwo. Ine ndimasoka zovala pakhonde, ndipo nyumba zathu zili mumpanda umodzi, ndiye ntchito yawo ya Loweruka ndinkaiona yonse. Ankayenda m'makomo kupempha mabotolo akale, n'kuwaviika m'beseni kuti mapepala ake amatuke. Ankasefa phulusa, kulithira madzi, n'kudikira kuti lidikhe. Ankathyola maluwa ofiira a pampanda n'kuwawiritsa mpaka madzi atasanduka ngati magazi. Madzi amenewo ukawadonthezera m'madzi a mandimu ankafiira kowala, ukawadonthezera m'madzi a phulusa ankabiriwira, ndipo ana ankaonera pomwepo kusiyana kwa asidi ndi mnzake wotsutsana naye. Pawindo lawo nthawi zonse pankakhala timabotolo ta misomali, ina m'madzi, ina m'mafuta, ina m'madzi a mchere, kudikira dzimbiri.

Zijasi zoyera za aphunzitsi ankachapa kunyumba ndi sopo wawo. Mwana akapsa chala, ankathamangira kwa iwo. Mtsikana akaipitsa diresi mosayembekezera, ankagogoda pachitseko cha labotale mwakachetechete, ndipo m'dirowa yapansi munkakhala nsalu yomudikira. Zonsezi palibe tsiku komiti inazitchulapo.

Chimene komiti inamvapo ndi phulusa. Chaka china mtsikana wina anabwerera kwawo yunifolomu itada, ndipo m'mawa mwake mayi ake anafika pasukulu mtima uli m'mwamba. Anali mayi wonenepa, wa golosale yaikulu pamsika, wosazolowera kuyankhidwa.

"Ine ndimatumiza mwana kuno kuti adzaseweretse phulusa?" anakalipa pakhomo la labotale. "Phulusa kwathu kulibe? Tikufuna sayansi yeniyeni, osati zapamoto zanuzi!"

Kuyambira pamenepo, kukamabwera alendo, aphunzitsi a sayansi ankafika molawirira. Anali bambo wofatsa, wotopa ndi makalasi odzaza, ndipo ankawalemekeza akulu anga. Koma ankanong'ona kuti, "Mayi, zidebe zanu zija tabisani kaye. Kukubwera anthu." Iwo ankazibisa kuseri kwa kabati, alendo akapita n'kuzitulutsanso.

Kenako kunabwera anthu a kukoleji ndi mabokosi a timakompyuta ta m'manja, tomwe ankati matabuleti. M'menemo munali labotale yojambula. Mwana ankakhudza galasi ndi chala, botolo n'kunyamuka, madzi n'kuthirika, mtundu n'kusintha, popanda chonyowa. Amene ankatsogolera ntchitoyo anali mnyamata wa magalasi aakulu, wolankhula mofulumira, ndipo ana sanachedwe kumutcha Wamagalasi.

Tsiku loyamba zinthu sizinayende. Zithunzi za m'matabuletimo zinali za kutali: madzi oundana akugwa ngati ufa, bafa loyera lalikulu ngati bwato, kabichi wofiirira.  Mwana mmodzi anakweza mkono n'kufunsa ngati kabichiyo anali woola. Kalasi yonse inaphulika kuseka. Wamagalasi nayenso anaseka, kenako anati n'chimene anabwerera. Ankafuna kuchotsa zachilendozo n'kuikamo zinthu zimene ana amaziona kwawo, ndi mawu amene amalankhula kwawo. Aphunzitsi a sayansi anamugwira dzanja n'kupita naye kuseri kwa kabati, n'kumuonetsa zidebe zija.

Madzulo amenewo akulu anga anafika akuyenda ngati mtsikana.

"Iwe," anandiitana asanaike n'chikwama pansi, "akufuna kujambula phulusa langa lija."

Bambo akunyumba kwanga, amene sadutsa mlamu wawo osamuseka, anali pampando akuvula nsapato.

"Ee, alamu! Ndiye mulowa m'kanema? Mutikumbuke ife osauka. Ine ndidzakhala wokunyamulirani chikwama cha mabotolo."

"Inu mungaswe onse musanafike pageti," anayankha iwo. "Manja anuwo ndi a mbale ya chakudya basi."

Nditaona kuti atha kuseka ndinafunsa mwapansipansi. "Achemwali, nanga zinthuzo zikalowa m'galasimo, inu adzakufunaninso?"

Anamasula duku.

"Zimenezo ndaziganiza," anatero. "Koma taona. Zaka zonsezi ntchito yanga imabisidwa kuseri kwa kabati. Tsopano ioneka. A komiti akaiona ndi maso awo, sangakhalenso pansi kufunsana ngati ndikufunika."

Sindinawatsutse. Ndinawasokera chijasi choyera chatsopano, cha matumba akuya monga ankakondera.

Kujambula kunatenga Loweruka lililonse la nyengo yonse ya mvula, ndipo kunkachitikira m'khitchini mwawo, chifukwa Wamagalasi anati akufuna ana aone khitchini yeniyeni. Nkhope sankajambula, koma manja okha. Akulu anga ankathira madzi a maluwa m'botolo, iye n'kunena kuti, "Pepani mayi, chala chinaphimba. Tabwerezaninso." Kubwereza kunkatanthauza kutaya, kutsuka botolo, kulipukuta mpaka liwale, kufinya mandimu ena. Maluwa a pampanda pathu anatha, mpaka anayamba kukapempha kwa anthu a tsidya lina la msewu. Anyamata ojambulawo akamva njala ankawaphikira, ndipo akapita ankatsuka mbale zawo pamodzi ndi mabotolo.

Mawu ankawajambulira kuchipinda, iwo atafunda bulangeti kumutu kuti phokoso lisalowe. Ine ankandipempha kuti ndiimitse makina osokera, ndiye ndinkangokhala manja ali pamwendo, nsalu za anthu zikundidikira. Ndinkamva mawu awo akutuluka m'bulangetimo, ofatsa, omwe aja ankalankhulira ndi ana: "Musathamange. Donthezani pang'onopang'ono. Mwaona? Tsopano gwirani madzi a phulusawo ndi nsonga za zala, mumva kuterera ngati sopo."

Wamagalasi sanali munthu woipa. Ankawatcha amayi, ankavula nsapato pakhomo. Tsiku lina anakhala nawo pansi n'kuwajambulira papepala chifukwa chake madzi a maluwa amasintha mtundu, chinthu chimene iwo anachita zaka zonsezo popanda wowafotokozera. Akulu anga anabwera kwa ine pakhonde maso akuwala, n'kundifotokozera zonse ngakhale ine sindinatolepo kanthu. Nditafunsa ngati pali kangachepe kowathokoza, anati mnyamatayo wanena kuti ntchitoyi ndi yothandiza ana, ndipo nayenso akuvutikira za mayendedwe. Sindinafunsenso.

Mvula itatha, sukulu inalengeza tsiku loonetsa makolo labotale yatsopanoyo. Inalengezanso kuti mwambowo ukatha, komiti idzakhala pansi kukambirana za antchito a chaka chamawa.

Akulu anga anakonzekera ngati ukwati. Maganizo awo anali oti tebulo limodzi likhale la zenizeni, kuti ana akaona pagalasi atembenuke n'kuchita ndi manja awo, makolo akuona. Anawiritsa maluwa atsopano, anasefa phulusa kawiri, anasankha mabotolo ofanana msinkhu. M'mawa mwake ndinawathandiza kunyamula. Tinayala zonse patebulo lapafupi ndi windo, pomwe dzuwa limawalitsa mitundu bwino.

Aphunzitsi a sayansi analowa, n'kuima, n'kukanda kumutu.

"Mayi, mwakonza bwino zedi. Koma a hedi anena kuti madzi asayandikire matabuleti. Limodzi likanyowa, tonse tili m'madzi."

"Tebulo ili lili patali, aphunzitsi."

"Ndikudziwa. Koma ana mukuwadziwa. Lero lokha, chonde." Anayang'ana pansi. "Ndiponso palibe wokonza tiyi wa alendo. Mbaula zanu zija zikhoza kuwiritsa madzi?"

Tinatsitsa mabotolo n'kuwabweza m'zidebe. Ulendo uno sanakwane kuseri kwa kabati chifukwa kumeneko anali ataunjikako mabokosi a matabuleti, ndiye tinawatulutsa panja, kuseri kwa chipinda, pafupi ndi ngalande. Kumeneko ndi kumene tinayatsa mbaula n'kuteleka madzi a tiyi.

Windo linali lotsegula, moti zonse tinkaziona. Makolo anadzaza m'mbali mwa makoma, ana atakhala m'matebulo awiriawiri, tabuleti pakati. Wamagalasi atapereka chizindikiro, chipinda chonse chinayamba kulankhula ndi mawu a akulu anga. Mawuwo sankayendera limodzi. Apa akuti "musathamange", apo akuti "mwaona?", uko akuyamba kumene, ngati khamu la aNabotolo likukangana pamsika. Iwo anaima ndi sefa ya tiyi m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Iwe, ndimalankhula choncho ine?"

"Ndi inu amene, achemwali."

Pagalasi lililonse panali manja awo, ndi chipsera cha pomwe anapsa ndi asidi chaka chawo choyamba. Panali beseni lawo lomwe ndi chigamba chake. Ana ankakoka ndimu ndi chala, madzi n'kufiira. Wina akalakwitsa ankadina pakona, mabotolo onse n'kubwerera oyera, ouma, ali pamzere. Mawu aja atafika ponena kuti gwirani madzi a phulusa mumve kuterera, ndinaona ana akusisita zala pagalasi louma, kenako n'kuyang'anana.

Wamagalasi analankhula mwachidule. Ananena momveka kuti matabuletiwo abwera kudzathandiza labotale, osati kudzailowa m'malo, ndipo kuti mwana amafunikabe kugwira botolo lenileni. Koma nthawi yomweyo ife tinkalowa ndi mathireyi, ndipo mitu yonse inatembenukira kumakapu. Iye anawaona akulu anga n'kunena kuti, "Amayi awa ndiwo eni manja mwaonawa." Anthu anaomba m'manja. Iwo sakanatha kugwada bwino chifukwa cha thireyi, ndiye anangoweramitsa mutu n'kupitiriza kugawa shuga.

Kenako anaimirira apampando a komiti. Ndinawazindikira msanga. Anali mayi a golosale aja, omwe anakalipa pakhomo lomwelo zaka zapitazo. Ananyamula tabuleti m'mwamba ngati mwana wobadwa kumene.

"Makolo anzanga, mwaona? Phulusa lathu lomweli! Mandimu a pakhomo pathu! Ine sindinkadziwa kuti ndimaphika ndi sayansi tsiku lililonse." Anthu anaseka. "Tinkayesa sayansi ndi ya eni ake akutali, koma taonani, ili m'khitchini mwathu. Ndipo chokoma n'chakuti mwana achita zonsezi osada, osapsa. Palibe chosweka, palibe chotsuka!"

M'manja munaombedwa kwa nthawi yaitali. Sankanama mayiwo, ndipo sindikhulupirira kuti ankakumbukira n'komwe za yunifolomu ija. Anasangalala ndi mtima wonse. Akulu anga anali ataima pambali pawo ndi mbale ya shuga. Apampandowo atakhala pansi anatapa masupuni awo osayang'ana amene wanyamula mbaleyo.

Makolo atabalalika, komiti inatsala m'chipindamo n'kutseka chitseko ndi mawindo. Ife tinatsuka makapu kumjigo. Madzi a maluwa aja anali atakhala padzuwa tsiku lonse. Akulu anga anawathira m'ngalande botolo limodzilimodzi, n'kutsuka mabotolowo bwinobwino, ngati mawa afunika.

Aphunzitsi a sayansi anabwera okha kunyumba patapita masiku ochepa. Anakana mpando, n'kukhala pachitsa cha pakhonde panga, chipewa chili m'manja. Anazungulira kwambiri, za mvula, za mitengo ya zinthu, za mwana wawo wodwala. Akulu anga ndiwo anawathandiza.

"Nenani, aphunzitsi. Ndine wamkulu."

Komiti inagwirizana kuti chipindacho chikhale cha matabuleti. Masinki adzawatseka ndi matabwa kuti pakhale poikira mawaya. Ndalama imene inkapita kwa munthu wa m'labotale idzapita ku magetsi ndi kwa mlonda wolondera zipangizozo.

"Ndinayesetsa, mayi. Ndinawauza kuti pamayeso ana amagwira zenizeni. Ati sabata ya mayeso yokhayo tidzapeza munthu wa ganyu." Anatembenuza chipewa. "Mwina mudzakhala inu nomwe."

"Nanga atsikana aja akadzagogoda?" anafunsa iwo.

Aphunzitsiwo sanamvetse kuti akunena atsikana ati, ndipo iwo sanafotokoze.

Ntchito yawo yomaliza inali kulongedza. Anatsuka botolo lililonse lagalasi m'chipindamo, ngakhale amene anali oyera kale, n'kuwakulunga m'manyuzipepala, n'kuwaika m'mabokosi momwe munabwera matabuleti. Mabokosiwo anakawaunjika m'chipinda chosungira makasu ndi madesiki othyoka. Nsalu ya m'dirowa ija anaipereka kwa mayi wina wophika kukhitchini ya sukulu, n'kumunong'oneza ntchito yake. Makiyi anakasiya ku ofesi.

Masiku ano amakhala nane pakhonde. Amandithandiza kusoka mabatani ndi kupinda m'munsi mwa masiketi, ngakhale maso awo amavutika kulowetsa ulusi. Ana a sukulu ija akamadutsa pamsewu amakuwa kuti, "Musathamange! Donthezani pang'onopang'ono!" n'kumaseka. Sanyoza, amangosangalala kuona mwini mawu. Ena atsopano sawadziwa n'komwe. Tamva kuti matabuleti aja afika m'sukulu zambiri, kutali kumene iwo sanapondeko. Bambo akunyumba kwanga anayesa tsiku lina kunena kuti, "Alamu, ndinu otchuka kuposa oimba," koma ataona nkhope yawo analowa m'nyumba, ndipo nthabwala imeneyo sanaibwerezenso.

Sabata ya mayeso inafika n'kudutsa. Palibe anabwera kudzawaitana. Tinamva kuti ganyuyo anapatsa mphwake wa munthu wina wa m'komiti.

Mwezi watha foni yawo inalira tili pakati posoka. Anali Wamagalasi. Ndinkamva mawu ake ofulumira aja. Anapepesa kwambiri za ntchito, anati sanadziwe kuti zidzatha choncho, anati analankhulapo ndi a hedi koma sizinathandize. Kenako anati ana akukonda kwambiri phunziro la maluwa, ndipo akufuna kuwonjezera lina la dzimbiri. Kodi amayi angapezeke Loweruka?

Atatseka foni ndinaimitsa makina.

"Achemwali, musavomere."

"Ndavomera kale."

"Akupatsani chiyani?"

"Iwe, ukudziwa."

"Ndiye mukuvutikiranji? Anakutengerani manja, anakutengerani mawu. Chatsala n'chiyani?"

Anabaya singano pansalu n'kuyang'ana kuwindo lawo. Timabotolo ta misomali tinali pomwepo. Sanasiye kusintha madzi ake ngakhale panalibenso kalasi yowadikira.

"Ndikakana, adzajambula misomali yogula kumene, yopakidwa mankhwala, yosachita dzimbiri msanga," anatero. "Ana adzaona zolakwika. Ndiponso m'galasimo ndi mokhamo mmene ndatsala."

Lachisanu anachapa chijasi choyera chija n'kuchisita, ngakhale pagalasi pamaoneka nsonga za mikono zokha. Anapukuta mabotolo mpaka kuwala. Loweruka m'mawa anasesa khitchini, anateleka madzi a tiyi wa anyamatawo, kenako anabwera pakhonde n'kuima pafupi ndi makina anga.

"Akafika uimitse kaye," anatero. "Phokoso limalowa."

Ndinali ndi madiresi a anthu ofunika madzulo omwewo. Ndinachotsa phazi pachopondera n'kuphimba makina ndi nsalu.